Sikisi Kapena Faifi

Mu shopu ya mfuti ku Rothbury
a Hedley ang'amba katiriji ndi mpeni
nakhuthulira machaka m'dzanja langa.
Ngozizira, ngolemera kuposa mmene akuonekera,
akugubuduzika m'mizere ya chikhato.
"Awa ndi sikisi. Awo pa kauntala ndi faifi.
Nambala ikamakwera, njere ikuchepa.
Usandifunse amene anayamba kuwerenga chobwerera."

Ndikuzidziwa kale, koma ndawasiya alankhule
poti kunja mvula ikuwaza, shopu ili zii.
Sikisi amatuluka ali chigulu,
osasiya mpata woti mbalame ipulumukirepo,
koma akakwera kwambiri mphamvu zimawathera m'njira.
Faifi ngochepa, pakati pawo pali mipata,
koma mmodzi akafika, wafika ndithu:
amaboola nthenga zokhuthala za m'chisanu
mpaka kukagogoda fupa.

Bambo anga, a Wilf, anali munthu wa sikisi.
Zaka makumi atatu akulera mafezanti a eni malo,
kuwadyetsa tirigu, kuwalondera nkhandwe,
kenako kuwaulutsira pamwamba pa mfuti za alendo.
"Woloza bwino safuna miyala," ankatero ku bala,
chala chili pa thebulo, gogogo,
a Hedley nkumangopukusa mutu mu thovu la mowa.

Ndiye linafika tsiku lija la Januwale,
lomaliza, lomwe antchito amaombera okha.
Anyamata akumenya ndodo m'nkhalango, kho kho kho,
tambala anadzuka kuseri kwa phiri,
mchira wautali ukumutsatira ngati chingwe,
mphepo ikumukankha,
nakwera mpaka kuchepa ngati njiwa.
Bambo anaomba kawiri.
Nthenga zitatu zinatsika pang'onopang'ono.
Mwendo umodzi unalendewera,
koma mapiko sanaleke;
anaoloka mtsinje wa Coquet nazimirira.

Tansy ananunkhiza mpaka mdima,
kubwera ali chinyontho, kukamwa kulibe kanthu.
Mawa lake chimodzimodzi.
Tsiku lachitatu tinampeza pansi pa mpanda wa miyala,
atadzipanikiza m'masamba oola,
diso lili tong'o, akupumabe.
Bambo anampotokola khosi osandiyang'ana.

Madzulo akumusosola pa sinki
anatola machaka asanu ndi awiri pansi pa khungu,
onse osalowa, ongokhala pamwamba
ngati alendo okanizidwa pakhomo.
Anawaika m'sosa, ngwe, ngwe,
nasamba m'manja nthawi yaitali.
Sananene kanthu, nanenso sindinafunse.
Ndinali ndi zaka khumi ndi zinayi
ndipo chomwe chinkandivuta chinali njala.

Ku bala sanasinthe nyimbo.
Sikisi, sikisi, mpaka chaka chatha
pamene tinawaika kuseri kwa tchalitchi.

Jekete lawo ndalitsitsa pa msomali sabata ino.
Likununkhabe galu ndi wonga.
M'thumba lamanja, makatiriji anayi;
ndatembenuza imodzi kuti ndiwerenge: faifi.
Ndatsegula kabati, makatoni olembedwa sikisi
ondondozana bwinobwino,
m'kati mwake faifi okhaokha.
Ankakagula kutali, ku Hexham,
kuti a Hedley asamve.

Tsono ndaima pano, dzanja lili chitambasukire.
A Hedley ayamba za machaka achitsulo,
akuti ngopepuka kuposa mtovu,
ukawafuna utsike nambala ziwiri,
ndipo mfuti yakale ngati yanga ikaonedwe kaye.
"Koma iwe ndiwe mwana wa Wilf," akuseka,
dzanja lapita kale ku sikisi.

"Faifi," ndatero. "Makatoni awiri."
Andiyang'ana pamwamba pa magalasi.
"Bambo ako akanamva!"
Ndangowerenga ndalama.

Loweruka ndiima pa chikhomo chachitatu,
m'munsi mwa phiri lomwe lija.
Wina adzadutsa pamwamba zedi,
poti ngakhale faifi sangafike ali ndi mphamvu,
ndipo sindikudziwa ngati chala chidzandimvera
ndikadzachiuza kuti chimusiye apite.

Ndatuluka. Ndazindikira ndili pa galimoto
kuti machaka aja sindinabweze;
ali m'thumba la jekete, pamodzi ndi makiyi.